Ntchito ya khutu ndi zala: ndinasankha za umoyo

Kwathu kwa Nchilamwela ku Thyolo, ukati "ndapeza ntchito" anthu amaganiza za kuthyola tiyi ku esiteti kapena kukwera minibasi ya ku Limbe. Yanga ndi ina: ndimamvetsera mawu ojambulidwa n'kuwalemba pa kompyuta, liwu ndi liwu. Pachingerezi amati transcription.

Ntchitoyi ili pawiri. Pali ya wamba: misonkhano, zokambirana za mabungwe m'midzi, maulaliki, mapologalamu a pa wailesi. Kuyamba n'kosavuta, bola laputopu, mahedifoni ndi bandulo. Koma mawu a ola limodzi amakudyera maola 4 kapena kuposa, ndipo za m'Chingerezi makina a AI akuzilemba okha m'timphindi. Ndiye malipiro angakwere bwanji?

Inayo ndi ya zachipatala. Ku America dokotala amalankhula m'kachipangizo, wina n'kumulembera lipoti. Kuno zimenezo n'zosowa, poti kawirikawiri adokotala amalemba okha m'kabuku ka kuchipatala. Ntchito yathu imachokera kwa ochita kafukufuku wa za umoyo, monga a ku KUHeS ndi Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre. Iwowa amacheza ndi odwala m'Chichewa, kenako amafuna munthu woti alembe ndi kumasulira.

Ine ndinasankha yachiwiriyi, chifukwa muno ndi mmene khutu la mwana wa kumudzi lili ndi mtengo. Agogo akati "malungo", nthawi zina akunena kutentha ndi kuphwanya kwa thupi chabe, osati matenda a udzudzu. Mayi akati "sindinasambe miyezi iwiri", nkhani si ya sopo ayi. Wina atchula tsempho, wina aponyamo Chilhomwe pakati pa chiganizo. Makina amapunthwa pamenepa. Ndipo liwu limodzi likapotoka, wofufuza amalemba zimene wodwala sananene.

Sikuti n'zophweka. Usiku ndimaloweza mawu ngati CD4, viral load ndi dolutegravir, kuti akatuluka m'kamwa mwa namwino ndisaime mutu. Ntchitonso imayenda ngati tiyi: dzinja masamba mbwee, chilimwe manja lende. Kafukufuku akatha, kontrakiti yatha. Nthawi ngati imeneyo ndimagwirako za wamba kuti pakhomo pasagone njala.

Cholemera koposa ndi chinsinsi. Umasaina pepala, mayina amachotsedwa, koma mawu a munthu alibe chophimba. Tsiku lina ukhoza kumva liwu la munthu amene umapemphera naye, akufotokoza za ma ARV omwe ngakhale akunyumba kwake sakuwadziwa. Mawa lake mukumana pa msika wa pa boma, umupatse moni ngati kale. Ngati pakamwa pako pamayabwa, chonde khala ku za wamba.

Mnzanga, usanalipire kosi ya pa intaneti yokonzera zipatala za ku America, dzifunse kuti ntchitoyo adzakupatsa ndani kuno. Jambula agogo akusimba nkhani kwa mphindi 10, uyilembe yonse osadumpha liwu, kenako uyimasulire. Ukamaliza osatopa nayo, uli ndi poyambira.