Isabelle Huppert sapempha kuti timukonde

Mafilimu ambiri amene tidakula nawo ali ndi akazi amitundu iwiri: wofatsa amene amavutika mpaka Mulungu atamuyankha, ndi wankhanza amene amalangidwa kumapeto. Isabelle Huppert, katswiri wa ku France wobadwa mu 1953, watha zaka zoposa 50 akukana mitundu yonse iwiriyi, ndipo n'chifukwa chake ndimamupatsa ulemu.

Mu 1978 adalandira mphoto ku Cannes atasewera Violette Nozière, mtsikana amene adapha bambo ake ndi poizoni. Mu 2001 adailandiranso ndi La Pianiste ya Michael Haneke, momwe ndi mphunzitsi wa piyano wokhala ndi mayi ake, wouma mtima kwa ophunzira, wodzivulaza yekha kuseri. Mu White Material ya Claire Denis, yojambulidwa ku Cameroon, ndi mzungu wokakamira munda wa khofi nkhondo ili pakhomo. Salira kuti timumvere chisoni. Nkhope imangoti phee, iwe woonera n'kutsala ndi funso: mayiyu ndimuweruza bwanji?

Ena amati mafilimu otere ndi olemera pamtima, ndipo n'zoona kuti La Pianiste si yoonera ndi makolo pabalaza. Koma kwa ine, mkazi amene waloledwa kulakwa komanso kuvuta kumumvetsa ndiye amene akuonedwa ngati munthu wathunthu.

Palinso nkhani ya msinkhu. Filimu ya Elle idamufikitsa pampikisano wa Oscar ali ndi zaka 63. Anzanga amene mukulemba masewero kukoleji, kodi mayi wa zaka 63 mumamupatsa gawo lanji kupatula la apongozi olongolola?