Gaborone: Mzinda Umene Uphunzitsa Kuwerengera Mvula

Mlendo akakwera phiri la Kgale, kummwera kwa Gaborone, amaona mzinda wonse uli yalale m'chigwa, ndipo chapambali pake pali damu lalikulu la pa mtsinje wa Notwane. Damuli linamangidwa m'zaka za m'ma 1960, pamene mzindawu unkakonzedwa kukhala likulu la Botswana m'malo mwa Mafeking. Likadzaza limasunga madzi okwana makyubiki mita 141 miliyoni.

Koma sikuti limadzaza chaka chilichonse. Mu 2015 linaphwa mpaka kutsala matope ong'aluka, ndipo madzi a m'mipopi ankagawidwa mosinthana masiku. Mzinda unapulumukira paipi yochokera ku damu la Letsibogo, makilomita pafupifupi 360 kumpoto. Mu 2017 mvula ya namondwe Dineo inalidzazanso, ndipo mu Febuluwale 2025 madzi anasefukira m'misewu, sukulu n'kutsekedwa. N'chifukwa chake sizidabwitsa kuti ndalama ya dzikoli imatchedwa pula, kutanthauza mvula.

Mbiri yotereyi ndi chida chabwino chophunzitsira achinyamata luso lolemba mapulogalamu a kompyuta. Botswana inali m'gulu la mayiko oyamba kuchita nawo Africa Code Week, imene kampani ya SAP inayambitsa mu 2015 pophunzitsa ana pulogalamu ya Scratch. Wachinyamata amene wapitirira mpaka kudziwa chinenero cha kompyuta cha Python angathe kutenga kaundula wa mvula ya zaka 30, kulemba mizere yochepa ya malangizo, ndipo kompyuta imawonkhetsa mvula ya nyengo iliyonse, kupeza tsiku limene inayamba, ndi kujambula galafu.

Galafuyo imanena zimene mulu wa manambala umabisa. Gaborone imalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 500 pachaka, pamene chimanga chimafuna pakati pa 500 ndi 800. Akajambula mzere pa 500, ngakhale gogo wosadziwa kuwerenga amaona yekha kuchuluka kwa zaka zimene zagwera pansi pake, ndi kumvetsa chifukwa chimene Atswana sanatayire mapira.

Nkhaniyi ikukhudza dera lonse. Ku Gaborone komweko ndiko kuli likulu la SADC pamodzi ndi nthambi yake yoona za nyengo, imene imatsogolera zolosera mvula ya chigawo chino. Ku Malawi, alangizi a zaulimi a m'maboma monga Balaka anaphunzitsidwa njira ya PICSA, yochokera ku Yunivesite ya Reading, imene alimi amasankhira mbewu atayang'ana magalafu a mvula ya kwawo.

Chosowa m'midzi yambiri ndi munthu wojambula magalafuwo. Chiyambi chake sichilira ndalama zambiri: choyezera mvula pasukulu, kope lolembamo tsiku lililonse, kompyuta imodzi ndi mphunzitsi wakhama. Mwana wa Fomu 2 akayamba kulemba dzinja lino, pomaliza Fomu 4 adzakhala ndi nyengo zitatu zokaonetsa ku komiti yachitukuko ya m'mudzi mwake. M'mera mpoyamba.