Kwa mphwanga ku Vubwi, za chitsamba chaminga chija

Mphwanga,

Kuno ku Katete tili bwino, kungoti dzuwa lafika poipa chithereni mwambo wa Kulamba ku Mkaika. Alamu ako andiuza kuti nthambi za bougainvillea zimene unadula pakhomo pano zinagwira, koma zikungochita masamba, maluwa osaoneka, chonsecho umathirira m'mawa ndi madzulo. Madzi akowo ndi amene akulakwitsa. Ukuchilera ngati mpiru wa kudimba, pomwe ndi chitsamba chozolowera ludzu.

Kwawo kwenikweni ndi ku South America. Mu 1766, Mfalansa wina, Louis Antoine de Bougainville, ananyamuka ulendo wa panyanja wozungulira dziko lonse. Pa ulendowo panali katswiri wa zomera, Philibert Commerson, pamodzi ndi womunyamulira katundu amene aliyense ankamuyesa mnyamata. Anali mkazi, dzina lake Jeanne Baret. Anavala zachimuna chifukwa lamulo silinkalola akazi kukwera zombo za asilikali a ku France. Atafika ku Rio de Janeiro, m'dziko la Brazil, mu 1767, Commerson anali ndi chilonda chosapola pamwendo, moti ntchito yambiri yolowa m'tchire kukathyola zomera inagwera Baret, ndipo ambiri amakhulupirira kuti chitsambachi anachipeza ndi iyeyo. Koma dzina linapita kwa mkulu wa ulendo. Zimandikumbutsa amayi, omwe ankalima mtedza munda wonse, pogulitsa n'kulembedwa dzina la atate. Baret yemweyo ndiye mkazi woyamba kudziwika kuti anazungulira dziko lonse.

Kuno chinabwera ndi azungu, n'chifukwa chake mitengo yake ikuluikulu umaipeza pa mishoni zakale ndi pa nyumba za boma. Kuchoka pamenepo chinafalikira ndi manja a anthu, wina kupempha nthambi kwa mnzake, monga unachitira iwe.

Zofiira zimene timati maluwazo, kwenikweni ndi masamba opyapyala ngati pepala. Duwa lenileni ndi kanthu koyera, kakang'ono, kobisala pakati pake. Chikadzachita maluwa udzayang'ane. Chitsambachi chikamwa madzi ambiri ndi kudya manyowa ambiri, mphamvu yonse imathera ku nthambi ndi masamba obiriwira. Dothi likauma ndi pamene chimayaka moto. Pa chilala cha 2024, chimanga chitapserera m'minda mpaka boma kulengeza kuti dziko lili pa ngozi, changa chija chinali psuu pakhonde, ngati chikutiseka.

Tsono chita chonchi. Popeza mizu yagwira, thirira kamodzi pa sabata, madzi okwanira kulowa pansi, kenaka uchisiye dothi liume. Chikhale pamtetete, osati pansi pa mango. Usachizule n'kuchisamutsa, mizu yake sichedwa kuthyoka. Podulira nthambi samala minga, ndipo zimene wadulazo usazitaye pomwe ana amasewera opanda nsapato.

Ndamvanso kuti mnzako wa ku Sinda akufuna kukupatsa lantana ya mpanda. Ukane. Nayonso inachokera ku America ndipo imapirira chilala, koma mbalame zimamwaza njere zake paliponse, imaphimba msipu, ndipo ng'ombe zikadya masamba ake zimadwala chiwindi. Ng'ombe ziwiri za atate zija zili m'manja mwako.

Upereke moni kwa apongozi ako ndi ana. Ukamabwera pa Khirisimasi unditengereko mtedza wa mbewu.

Ine mkulu wako.