Madzi Samana Mlendo

Makolo athu anatisiyira malamulo ambiri osalembedwa, ndipo limodzi mwa iwo ndi lakuti wapaulendo samanidwa madzi. Kuno ku Milepa, munthu akaima pakhomo napempha madzi akumwa, mayi wapakhomopo safunsa dzina lake kapena kumene achokera. Amatsuka chikho, natunga mumtsuko, napereka ndi manja aŵiri. Komatu madziwo sanabwere okha. Alipo mwana wamkazi amene analaŵirira mbandakucha, naima pamzere kumjigo, nasenza ndowa ya malita 20, ndiwo makilogalamu 20 pamutu pake. Chimene mlendo uja amalandira ndi thukuta la banja lonse, ndipo palibe amene aganiza zomlipiritsa.

Mwambo umenewu unatitsatira mpaka m'malo odyera a pamsika. Tikagula nsima ya nyemba kapena ya usipa, madzi osamba m'manja ndi akumwa amadza nayo pamodzi, osaŵerengeredwa pamtengo. Koma tikafika m'malo odyera aakulu a m'tauni, kaŵirikaŵiri amatibweretsera botolo lotseka, ndipo mtengo wake timaupeza papepala polipira. Pamenepa mpofunika kudzifunsa ngati chimenechi ndicho chitukuko chimene tikuchifuna.

Tiyeni tione m'mene maiko ena achitira. Ku France, lamulo la 1967 linaika madzi a m'jagi pamodzi ndi buledi m'gulu la zinthu zimene wogula chakudya salipira padera. Ku England ndi Wales, kuyambira 2010 malo ogulitsa moŵa ayenera kupereka madzi apampopi mwaulere kwa wogula amene wawapempha. Dziko la Spain linachita chimodzimodzi ndi malo ake odyera mu 2022. Ku Germany kulibe lamulo lotere, ndipo kumeneko anthu anazoloŵera kugula madzi a m'botolo akamadya. Taonani, maiko olemera anachita kulembera lamulo chinthu chimene agogo athu ankachichita osauzidwa ndi munthu.

Nkhani ya zakumwa zotsekemera ndiyo ina. Botolo loyamba lotchuka la Coca-Cola linali la mamililita pafupifupi 190. Lagalasi limene tinakula nalo kuno ndi la 300, ndipo tsopano kuli lapulasitiki la 500, m'mene muli shuga woposa masipuni a tiyi 10. Ku America kapu imodzi ikhoza kufika lita yathunthu, ndipo m'malo ambiri ikatha munthu amadzazanso osalipira. Mu 2012 meya wa mzinda wa New York, a Michael Bloomberg, anafuna kuletsa makapu oposa mamililita 473 m'malo odyera, koma mu 2014 bwalo lamilandu linathetseratu lamulolo. Ku France boma linaletsa mu 2017 mchitidwe wodzaza kapu ya zotsekemera mobwerezabwereza pamtengo umodzi. Apa tiphunzirapo kuti malonda akasiyidwa okha amaoloŵa manja ndi zimene zimaononga mano ndi kubweretsa matenda a shuga, koma madzi, amene thupi limawafunadi, amawaumira.

Komabe tisafulumire kuweruza mnzathu amene agula madzi a m'botolo ngati munthu wodzikuza. Ambiri amatero chifukwa cha mantha, ndipo manthawo ali ndi maziko. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'Malaŵi muno. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anakantha boma lathu la Chiradzulu pamodzi ndi maboma oyandikana nalo, ndipo zitsime zambiri zinadzala ndi matope ndi zonyansa. Amene anaika maliro m'masiku amenewo sangamwe madzi alionse osafunsa kumene atungidwa. Kapu yoperekedwa ndi mtima wabwino, ngati madzi ake ali oipa, imapha chimodzimodzi.

Tsono ntchito yathu ndi iŵiri, ndipo siingalekanitsidwe: madzi akhale aulere, akhalenso abwino. Inu amene muli ndi malo odyera, ŵiritsani madzi kapena thiranimo klorini, muwasunge m'ndowa yovundikira, makamaka ya kampopi, kuti manja ndi makapu asamaloŵemo. Pakhomo napo, chikho chotungira chikhale china, chomwera china. Zimenezi sizilira ndalama zambiri. Zimalira khama la tsiku ndi tsiku. Wogulitsa angadandaule kuti nkhuni ndi mankhwala nzogula. Nzoona, koma akulu anati kupatsa nkuika: mlimi amene wayenda ndi njinga ya nandolo kuchokera kutali, namwa madzi abwino pamalo panu, adzabweranso tsiku lina la msika, ndipo adzauza anzake.

Ife makolo tiganizirenso za ana athu. Mwana akazoloŵera kuona kuti mlendo wolemekezeka amagulidwa Fanta pamene wosauka amapatsidwa madzi, adzakula akuyesa madzi chakumwa cha amphaŵi. Tiyeni timuonetse kuti patebulo lathu madzi oyera ndiwo amayamba kufika kwa aliyense, mfumu ndi mmphaŵi yemwe. Tikatero, sipadzafunika kuti Nyumba ya Malamulo itikumbutse zimene tinaphunzira pamsana pa amayi athu.