Chilembo chimodzi chinamudyela chaka

Pa wailesi yathu ya m'komboni tili ndi pulogalamu ya achinyamata pa Chiwelu masana. Tonse ndife odzipeleka chabe, tigawana maikolofoni awili na fani imodzi imene izungulila ikafuna. Zotsatila za Grade 12 zikangotuluka, foni ya mu situdiyo siipuma. Wa ku Kanyama atuma, wa ku Chawama atuma, wa ku Mtendere atuma, ndipo funso n'limodzi: ndakhoza, malo andipatsa, manje ndalama nizazichotsa kuti?

Kwa zaka zambili yankho lathu linali lofulumila. Tinali kuwauza kuti lembelani loni ya boma, kenaka n'kuika nyimbo. Tinaleka kuyankha motelo tsiku limene mtsikana wina wa ku George anabwela yekha pa geti, atanyamula mapepala ake m'pulasitiki ya buledi.

Anali na mapointi abwino, amene ife sitinawaonepo pa mayina athu. Kalata yomuitana ku yunivesiti inali m'manja. Amayi ake agulitsa tomato na kapenta pa msika, atate ake anamwalila ali mu Grade 7. Ngati pali munthu amene thandizo la boma linapangidwila, ni uyu. Koma pamene anayala mapepala pa tebulo, mnzathu wina anaona kanthu kamene mwini wake sanakaonepo. Pa reji, ija NRC yobiliwila imene timatenga tikafika zaka 16, dzina la atate ake linali na chilembo h. Pa pepala la zotsatila za mayeso h panalibe. Amene anamulembetsa mayeso zaka zakumbuyo analemba dzina mmene analimvela, ndipo palibe anabwelelapo kuti aone.

Kwa ife a m'komboni iyi si nkhani. Tonse tidziwa kuti ni munthu mmodzi, tinamuona akukula. Koma amene ayang'ana mafomu masauzande sanamuonepo. Iye aona mapepala awili a anthu awili. Kuti atsimikize kuti ni mmodzi, pafunika kalata yolumbila yosainidwa pamaso pa Commissioner for Oaths, ndipo nthawi zina kukonzetsa dzinalo kumene linalakwikila. Zonsezi zifuna masiku, ndalama ya basi, na munthu wamkulu wodziwa khomo loyambila.

Vuto lachiwili linali lolemela kupambana loyamba. Pa fomu analemba kuti atate anamwalila, ndipo fomu ifuna umboni. Atatewo anadwalila kuno ku Lusaka, koma anakamwalila kumudzi ku Petauke, n'kuikidwa komweko tsiku lotsatila. Pa malilo a kumudzi ndani aganiza za setifiketi ya imfa? Anthu analila, anaika, anamwazikana. Patapita zaka zisanu mwana afunika kuonetsa pepala lakuti ni wamasiye. Anafunika kutuma amalume ake kwa amfumu kukatenga kalata, kalatayo ikwele basi kubwela ku Lusaka, ndiye ayambe kuyenda nayo m'maofesi. Pamene zonse zinakwana, tsiku lotsekela linali litapita na milungu iwili. Chaka chimenecho anachithela pa tebulo la tomato pambali pa amayi ake.

Nkhani yake inatiwawa chifukwa tinadzionamo. Ambili a ife pa wailesi tili m'zaka za m'ma 30. Pamene tinali kutsiliza sukulu, thandizo limeneli anthu anali kulitcha BC, kuchokela ku Bursaries Committee, ndipo m'komboni munali chikhulupililo chakuti BC ni ya ana a anthu odziwika. Enafe sitinayese n'komwe kutenga fomu. Amene tinakulila ku Kalingalinga tinali kuona nyumba za UNZA tsiku lililonse popita kukatunga madzi, koma zinali ngati za dziko lina. Masetifiketi a ku koleji amene tili nawo lelo anachokela mu chilimba cha amayi athu, mu mapisiweki, ndipo wina pakati pathu mu kaloba imene anaibweza zaka zitatu. Tikayang'ana kumbuyo, sitinganene kuti anatikana. Sitinagogode. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo ife tinadya lambili.

Lelo zinthu zinasinthako, ndipo n'kofunika kuzidziwa mmene zilili. Mu 2016 lamulo latsopano linakhazikitsa Higher Education Loans and Scholarships Board, imene tonse timangoti HELSB, m'malo mwa komiti yakale ija. Imeneyi ithandiza ophunzila a m'mayunivesiti a boma monga UNZA, Copperbelt, Mulungushi, Mukuba, Kwame Nkrumah na Chalimbana. Ndalama ya chakudya imene inachotsedwa mu 2019 inabwezedwa mu 2023. Koma mvetsetsani dzina lake: ni loni, ni nkhongole. Kuyambila mu 2018 boma likubwezetsa ndalama kwa amene anathandizidwa kuchokela mu 2004, ndipo ambili amazionela pa payslip mwezi na mwezi. Sitikamba izi kuti muope. Nkhongole ya sukulu siilingana na kaloba ya pa kona imene ikutengela TV ya amayi ako. Tikamba kuti posaina mudziwe chimene musaina, komanso kuti m'zaka zapitazi si onse amene anali kupatsidwa zonse. Ena anali kupatsidwa gawo chabe, lotsala n'kukhala la banja.

Pali khomo lina limene achinyamata ambili alipitilila chifukwa maso onse ali pa yunivesiti. Mu 2022, chaka chimene sukulu za boma zinakhala zaulele mpaka Grade 12, ndalama ya CDF inakwela kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwensi iliyonse, ndipo gawo lina linapatulidwila mabasale a maphunzilo a luso la manja. Zamagetsi, zamapaipi, umakanika, kusoka, kuphika, zonsezi zili m'makoleji olembetsedwa na TEVETA. Fomu yake siifuna kuti udziwane na munthu wa ku Cairo Road. Iyambila pa Ward Development Committee ya kwanu komweko, kwa anthu amene mupemphela nawo na kukwela nawo basi imodzi. Wa ku Matero alembela ku Matero, wa ku Chawama ku Chawama. Naponso mapepala ni omwewo: reji, kalata ya malo ku koleji, umboni wa mmene zinthu zilili pa nyumba.

Pamene pali anthu ovutika sipasowa wodyelapo. Mnyamata wina wa ku Kanyama anatiuza pa foni kuti anapatsa K500 munthu amene anakumana naye pa Facebook, wodzitcha kuti ali na m'bale wake mkati ndipo adzaika dzina lake pa mndandanda. Ndalamayo inali ya lendi. Itangolowa pa foni, nambala inazima. Tibweleza zimene tinamuuza tsiku lija: palibe munthu agulitsa malo pa mndandanda. Ngati pali ndalama yolipila polembela, imalembedwa pa chilengezo cheni cheni, imapita ku akaunti ya bungwe, ndipo mumalandila lisiti. Aliyense wokuitanilani kuseli ni kawalala.

Tinthu tina n'tating'ono koma tagwetsa ambili. Mafomu a masiku ano ambili ni a pa intaneti, ndiye mwana apita pa kafe, wa pa kafe amutsegulila imelo, pasiwedi n'kutsala m'mutu mwa wa pa kafeyo. Wina alemba nambala ya foni ya chibwenzi, pofika nthawi ya mayankho chibwenzi chinatha. Wina ayembekeza tsiku lothela, ndipo tsikulo malaiti apita kuyambila m'mawa, monga tinazionela mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. Wina mapepala ake ananyowa m'chikwama pansi pa bedi pamene madzi a mvula analowa m'nyumba. Amene tikhala ku Kanyama tidziwa kuti setifiketi siisungidwa pansi.

Manje pulogalamu yathu tinaisintha. Sitiyembekezanso zotsatila. Mwezi wa June tiyamba kale kuuza a Grade 12 kuti tengani reji, ikani pambali pa pepala lolembetsela mayeso, muwelenge chilembo chimodzi chimodzi, tsiku lobadwa nalonso. Ngati kholo linamwalila, funsani lelo kumene kuli pepala, ambuye akali moyo ndipo amfumu akali kukumbuka. Pitani ku ofesi ya Social Welfare mukadziwitse za pa nyumba panu nthawi ikalipo. Jambulani pepala lililonse, mulitumize ku imelo imene pasiwedi yake muidziwa inu nokha. Pa Chiwelu china timabweletsa laputopu ya mnzathu ku situdiyo, ana n'kukhala pa benchi panja, tiyang'ana mapepala awo mmodzi mmodzi. Sitili maloya, sitili a boma. Tingowelenga mayina mokweza, ndipo pafupifupi nthawi zonse tipeza wina amene tsiku lake lobadwa lili pawili.

Mtsikana wa ku George uja analembelanso chaka chotsatila, kalata yolumbila na ya amfumu zili m'manja miyezi itatu tsiku lisanafike. Anamupatsa gawo, osati zonse, ndipo zotsalazo amayi ake akali kuzisakila mu chilimba temu iliyonse. Chaka chimene chinatayika sichidzabwela. Pa holide amabwela ku situdiyo kudzakhala pa benchi paja na ana a Grade 12, ndipo ndiye amene salola pepala kudutsa asanaliwelenge kawili.

Ngati muli na mng'ono kapena mwana wa aneba amene alemba mayeso chaka chino, musayembekeze kuti abwele kudzalila mu January. Muitaneni madzulo ano, abwele na reji yake.