Tidauona Mzinda ndi K30,000

Nkhani imene tikufuna kukusimbirani mwezi uno ndi ya ulendo umene tidayenda pa tchuthi cha Ogasiti m'chaka cha 2024, ife ndi mayi a kunyumba kwathu. Takhala nayo nthaŵi yaitali osailemba, pakuti mkulu wa mpingo akanena poyera kuti adapondako ku Bwandilo usiku, ena amayamba kunong'onezana asanamve ndi mathero omwe. Tikupemphani kuti mudekhe kufikira timalize.

Mwana wathu wachisamba amagwira ntchito m'sitolo ina ku Old Town mu mzinda wa Lilongwe, ndipo amachita lendi kanyumba ka zipinda ziŵiri ku Kawale. Adatiitana kuti tikaone pamene amakhala. Tidanyamuka kwathu kwa Kaphuka Lachisanu mmamaŵa kukali chisanu, titanyamula ufa, nyemba ndi kachewere wa kudimba. Tidakwera minibasi pa Linthipe, nkuoloka Diamphwe, kudutsa pa Kamphata pamene mseu wa ku Nkhoma umapatukira, kenaka Nathenje, Nanjiri, mpaka pa depoti. Mzindawu tidaudziŵa kale pamene tinkaphunzira zauphunzitsi ku Area 25 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Masiku amenewo likulu la dziko linali lisanathe zaka 20 chisamukire kuchoka ku Zomba mu 1975, ndipo malo ambiri amene lero pali nyumba linali thengo. Tsopano mzinda wakula ndipo ife takalamba. Mnyamatayo akadapanda kudzatichingamira tikadasokera ndithu.

Madzulo titadya, iye adatiuza mokondwa kuti maŵa lake adzatitengera ku hotela ina yaikulu, kumene anthu amadya gulu loimba likuŵasangalatsa. Ife tidamwetulira, chifukwa kholo lililonse limafuna kulemekezedwa ndi mwana wake. Koma amayi ake adamuyang'anitsitsa nafunsa kuti, "Mwana wanga, lero ndi pakati pa mwezi. Ndalama za hotelayo zachokera kuti?" Adazungulirazungulira, ndipo potsiriza adaulula. Adali atatenga katapila wa K60,000, woti akabweze K90,000 pakutha pa mwezi. Titamufunsitsa adavomera kuti aka kadali kachitatu. Maulendo aŵiri oyambawo ndalama zidathera pa macheza a Loŵeruka usiku ndi anzake a kuntchito, ndipo ngongole ina idali isanathe.

Mtima udatiuza kuti tikalipe, ndipo mau okalipira tidali nawo ochuluka, monga munthu amene wagwira choko zaka 30. Koma tidagona osalankhula, ndipo usiku umenewo tulo sitidatione. Tidakumbukira zonse zimene tidamuphunzitsa ali mnyamata: usamwe moŵa, usayende usiku, usaloŵe m'malo ovinira. Malangizo ameneŵa ndi oona ndipo sitikuŵabweza. Komabe tidaona kuti onse amayamba ndi "usa-". Sitidamuphunzitsepo ngakhale tsiku limodzi mmene munthu angasangalalire mu mzinda popanda kudzigulitsa. Kumudzi phunziro limeneli silifunika, popeza chisangalalo chilibe chipata: ukwati ndi wa onse, mpira wa pa bwalo la sukulu ndi wa onse, amayi akamavina chimtali aliyense amaima nkuonerera. Mu mzinda mnyamata amaona ngati chokoma chilichonse chili kuseri kwa mpanda ndipo pakhomo pali wolipiritsa. Tsono amene amangodziŵa kuti "usapite" amapitabe tsiku lina, ndipo amapita ali mbuli, ndi ndalama za eni.

Kutacha tidamuuza kuti akabweze ndalamazo. Mwini katapila adakana kulandira popanda phindu, ndipo tidaonjezapo K10,000 ya m'thumba mwathu, ndalama imene idatiŵaŵa kwambiri popeza palibe chimene tidagula nayo. Titapatula ya ulendo wobwerera ndi ya chopereka cha Lamulungu, tidatsala ndi K30,000. Tidaiika pa tebulo nkunena kuti, "Iyi ndiyo hotela yathu. Utionetse mzinda wako, chakudya chake, nyimbo zake ndi usiku wake womwe, koma ikatha iyi tathera pomwepo." Iye adaseka nati, "Abambo, masiku ano K30,000 si ndalama." Sadaname kwenikweni. Kwacha idali itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zinthu idali itakwera kotero kuti pepala la K5,000, limene lidatuluka mu 2022 anthu nkumaliopa, linkatha ngati mchere m'madzi.

Kuchoka ku Kawale kufika ku msika waukulu tidayenda pansi. Nkhomaliro tidakadyera m'kati mwa msika, kumene amayi amaphika nsima m'miphika yaikulu ndipo odya amakhala pa mabenchi moyang'anana. Pano tidaphunzira kanthu kwa mwana wathu. Adatidutsitsa malo aŵiri opanda anthu natiloŵetsa pamene padadzaza madalaivala a minibasi ndi ogulitsa malonda, nati pamene pali anthu ambiri ndiwo sizigona, ndipo anthu odya tsiku ndi tsiku salola kuberedwa. Adafunsanso mtengo tisanasambe m'manja. Chambo tidachisiyira eni ndalama. Tidaitanitsa nsima ya usipa ndi nkhwani wotendera, mbale zitatu K6,000, ndipo mayi wophikayo ataona imvi zathu adaonjezera mtanda umodzi osalipiritsa. Mayi a kunyumba, amene savomereza msanga kuphika kwa mkazi wina, adangoti nsinjiro zidachepa pang'ono, koma mbale adaitsuka ndi chala.

Potuluka, chakufupi ndi mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, tidamva kulira kwa banjo. Bambo wina wosaona adakhala pa mwala akuimba ndi banjo yopanga yekha ya chigubu cha mafuta, phazi lake likugunda kang'oma, kamwana kali pambali ndi mbale. Tidaima nthaŵi yokwanira nyimbo zinayi. Zala za munthu uja zinkathamanga pa nsambo mwa luso limene sitidalionepo ngakhale pa kanema, ndipo tidaponya K500 m'mbalemo tikuchita manyazi ndi kuchepa kwake. Achinyamata musapeputse oimba a m'mbali mwa mseu. Anyamata aŵiri a Madalitso Band adayamba chomwechi m'miseu ya Lilongwe, wina ndi gitala, wina ndi babatoni wa nsambo imodzi. Mu 2017 adakaimba ku Zanzibar, ndipo pambuyo pake azungu a ku Ulaya adayamba kulipira ndalama zambiri kuti amve zimene anthu a mu Lilongwe ankazidutsa osacheuka.

Dzuŵa litapendeka tidafika pa nkhani yovuta. Mwana wathu adati ngati tikufunadi kuona kumene ndalama zake zidapita, tiyenera kupita ku Bwandilo ku Area 47. Amayi ake adakana kaŵiri, nati kodi tikakumanako ndi munthu wa kwathu tidzanena chiyani ku bwalo la akulu a mpingo. Tidaŵayankha kuti tidzanena zoona, ndipo kuti mbusa amene sadziŵa kumene nkhosa zimamwera madzi sangadziŵe chimene chikuzidwalitsa. Adavomera monyinyirika, atamanga mpango wao mwamphamvu ngati akupita ku maliro. Minibasi idatidya K3,000.

Chimene chidatilandira ndi utsi wa nyama yootcha. Magalimoto adandanda mbali zonse, ndipo khomo lililonse lidali ndi zokuzira mau zake, kotero kuti munthu ankamva nyimbo zitatu nthaŵi imodzi. Malo omwera moŵa sitidaloŵemo. Tidapeza benchi panja pafupi ndi chiwaya, ndipo tisanakhale pansi tidamva mau akuti, "Aphunzitsi! Inu kuno?" Zimene amayi aja ankaopa zidachitika msanga kuposa mmene tinkaganizira. Wokazinga tchipisiyo adali mnyamata amene tidamuphunzitsa Sitandade 6 zaka zambiri zapitazo. Adavula chipeŵa, napukuta manja, natipatsa moni wa manja aŵiri pakati pa phokoso lonselo. Adatiuza kuti kachewere amene akukazinga ndi wa ku Dedza komweko. Tidayamba kuŵerengera mumtima kuti ndoŵa imodzi imatulutsa mbale zingati, ndipo tidamuuza kuti mlimi akuberedwa. Iye adatiŵerengera mtengo wa mafuta ophikira, nkhuni, kabichi wa saladi, galimoto yonyamula matumba ndi malo amene amalipira, ndipo tidaona kuti masamu aja adaŵamva bwino kuposa mmene malikisi ake ankaonetsera.

Tidagula tchipisi ndi nyama ya mbuzi za K7,000, ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi zitatu za K2,500. Tinene zoona: zidakoma. Nyama yochoka pa moto, mchere ndi kambuzi pambali, kamphepo ka Ogasiti kakuwomba, anthu akuseka. Usiku umenewo malo ambiri ankaika nyimbo za Lucius Banda, amene adali atamwalira kumene pa 30 Juni chaka chomwecho, ndipo tidadabwa kuona anyamata obadwa dzulodzuloli akuimba nawo mau onse a nyimbo zimene ife tidazimva koyamba pa kaseti tili achinyamata. Mayi a kunyumba adaiŵala mkwiyo wao nayamba kugwedeza mutu. Titaŵayang'ana adaleka.

Komatu maso a mphunzitsi sasiya kuŵerenga. Pa tebulo loyandikana nafe padakhala anyamata asanu, ndipo pa ola limodzi ndi theka tidaŵerenga mabotolo 18. Wolipira adali mmodzi. Anzake ankamutcha "bwana", ndipo akamutcha chomwecho iye ankakweza dzanja kuitanitsa ena. Mwana wathu adatsamira kwa ife nanong'ona kuti, "Uja ndine, Abambo." Sitidayankhe kanthu. Tidazindikira kuti chakudya cha mu mzinda sichidamuloŵetse m'ngongole, pakuti atatu tidakhuta ndi K9,500. Nyimbo nazo zinkafika m'makutu mwathu mwaulere. Chimene adagula ndi katapila uja lidali dzina lakuti "bwana", limene limatha botolo lotsiriza likatha. Ngakhale hotela imene ankafuna kutitengera idali yomweyo: ankafuna kuti ife makolo ake timutche bwana.

Pali china chimene tidaona chimene sitingachibise. M'mbali mwa magalimoto mudaima atsikana, ena a iwo a msinkhu wa ana amene timaŵalembetsa mayeso a Sitandade 8, atavala zosayenera kuzizira kumene kudalipo. Amuna amene ankatsitsa magalasi a galimoto kuŵaitana adali a msinkhu wathu, ena mwina ndi maudindo m'mipingo yao. Amayi aja adagwetsa misozi. Mnyamata wa chiwaya adati ambiri mwa atsikanawo adachoka kumidzi atalonjezedwa ntchito ya m'nyumba. Makolo a kwa Kaphuka, a ku Mayani, a ku Lobi ndi kwina konse, mwana wamkazi akamapita ku tauni tizifunsitsa dzina la womutenga ndi nyumba imene akakhale, ndipo tizipita kukaona ndi maso.

Cholakwa cha usikuwo chidali chathu. Mwana wathu adatichenjeza kaŵiri kuti tinyamuke minibasi zisanathe, koma ife tidati timveko nyimbo ina imodzi. Pofika pa siteji padali zii. Kukwera njinga zamoto za kabaza usiku, opanda chipeŵa choteteza mutu, amayi adakaniratu, ndipo adachita bwino. Takisi idatitengera K10,000 titanenerera kwa nthaŵi yaitali, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chathu chonse lidapita pa ulendo wa mphindi zoŵerengeka. Amene mukhala m'tauni mudziŵa kale kuti usiku mtengo wa ulendo umakwera pamodzi ndi ola. Tidafika ku Kawale ndi K1,000.

Lamulungu sitigula kanthu, motero K1,000 ija idapumula. Tidakapemphera ku mpingo wathu wa CCAP wa kufupi ndi kumene mwanayo amakhala, ndipo tidaona kuti akulu a pakhomo sadamudziŵe, chizindikiro chakuti sankafikako kaŵirikaŵiri. Mapemphero atatha makwaya adatsalira kukonzekera mwambo wina, ndipo tidakhala pa benchi la kumbuyo maola aŵiri. Padali kwaya ya amayi a Chigwirizano, ya achinyamata ya magitala ndi kiyibodi, ndi ina ya abambo okhaokha imene idaimba za m'buku la Nyimbo za Mulungu popanda choimbira chilichonse, mau anayi olukana bwino kotero kuti tsitsi lidatiima. Ife ndife a gulu lija limene limadandaula kuti kiyibodi ikuphimba mau, ndipo tsiku limenelonso idaphimba. Koma tidaona anyamata ndi atsikana oposa 40 ali pamodzi masana onse, akuseka, akugaŵana chimanga chootcha, wopanda ndi mmodzi yemwe wofuna kutchedwa bwana. Woyang'anira kwaya ya achinyamata atamva mwana wathu akuimba nawo chapansipansi adabwera kudzamufunsa ngati ali ndi kwaya, popeza mau a besi ankaŵasoŵa.

Lolemba mmamaŵa adatiperekeza ku depoti asanapite ku ntchito. K1,000 ija tidagula nayo mandasi a panjira.

Ngongole yakale ija adaimaliza mu Novembala chaka chomwecho, ndipo besi akuimbadi. Ku Bwandilo sadasiyiretu. Amatiuza yekha kuti mwezi ukatha amapatula ndalama ya mbale imodzi ya nyama ndi chakumwa chimodzi, khadi la ku banki amalisiya kunyumba, ndipo amanyamuka minibasi zikali pa mseu. Amayi ake sakondwa nazo. Amati malo aja si oyenera mwana wa mkulu wa mpingo ngakhale atamwa madzi okha, ndipo amakumbutsa za atsikana aja. Ife timati bola akutiuza. Nkhaniyi m'nyumba mwathu sinathe, ndipo imabukanso nthaŵi iliyonse imene foni yake yalira Loŵeruka madzulo.