Mfuti yakale ya .303: musathamangire vanishi

Abale anga, lero tisiye kaye za mbatatesi ndi mtengo wa feteleza, tikambeko za mfuti zakale zimene zidakalipo m'nyumba zina kuno ku Dedza. Kwathu ilipo ya malemu malume, ndipo achimwene akufuna aipale ndi sandipepa, aipake vanishi, iwale ngati ya m'sitolo. Ine ndawauza kuti: achimwene, dikirani, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Mfutiyi ndi Lee-Enfield .303, mtundu umene asilikali a King's African Rifles ankanyamula, ena mpaka ku Burma mu 1944. Imalowa zipolopolo 10. Zambiri zitachoka m'manja mwa asilikali, anthu anadula thabwa lakutsogolo kuti zipepuke pothamangitsa nguluwe ndi anyani m'minda. Ya malume ndi yodulidwa choncho. Kudulako si vuto kwenikweni. Vuto ndi zaka, ndi chifunga chathuchi chimene chimadyetsa dzimbiri ngakhale khasu lili m'nyumba.

Choyamba si chitsulo ayi, ndi pepala. Laisensi imakhala m'dzina la munthu, siilowa m'chuma chamasiye ngati mbuzi. Mwini wake akamwalira, kauzeni apolisi, akuuzeni njira yake. Kuisunga mwakachetechete kuseri kwa nkhokwe ndi mlandu, ngakhale musanawombepo.

Chachiwiri, mfuti iliyonse muitenge kuti ili ndi chipolopolo, mpaka mutachotsa magazini ndi bolt n'kuona nokha. Kenako suzumirani mumpope kuchokera kumbuyo, mutalozetsa kowala. Mavu aja omanga ndi matope amakonda mabowo otere, ndipo mpope wotsekeka umaphulikira m'manja. Mizere yam'kati izioneka bwino. Zipolopolo zakale zankhondo zinkasiya mchere mumpope, n'chifukwa chake asilikali ankathiramo madzi owira akatha kuwombera. Amene sankatero, mpope wake unadyeka timaenje. Muyendetsenso zala kunja kwake: mukamva potupa, basi, nkhani yathera pomwepo.

Chachitatu, nambala yolembedwa pa bolt ifanane ndi ya pathupi la mfuti. Zikasiyana ndiye kuti wina anasinthanitsa, ndipo mpata wa kumbuyo kwa chipolopolo ukhoza kukhala waukulu. Mpatawo ukakula, khoko la chipolopolo limang'ambika, moto n'kubwerera kumaso. Zimenezi siziyezedwa ndi diso, zimafuna katswiri wa mfuti wokhala ndi zoyezera zake. Owotcherera mageti a pamsika asaikhudze, chitsulo chimenechi sichifuna moto. Komanso zomangirira mfuti kumtengo n'kukoka ndi chingwe zija, zoyesera gogodera, sizitsimikiza kanthu. Ikhoza kupirira lero, n'kudzakuphulikirani mawa.

Zonsezi zikayenda bwino, ndiye tifike pa thabwa. Onani ming'alu, makamaka pamene thabwa lakumana ndi chitsulo, poti mphamvu yonse imagunda pamenepo. Thabwa lakuda, lofewa ngati chinangwa chovunda, lamwa oyilo wa galimoto amene ambiri amapaka. Lipukuteni, liume pamthunzi. Sandipepa akhale wosalala, ndipo musafute zidindo ndi manambala: apolisi amazifuna, komanso mbiri ya mfutiyo ili pamenepo. Asilikali ankapaka mafuta a linseed, pang'onopang'ono ndi chikhatho, kusiya aume, n'kubwerezanso. Vanishi amangobisa ming'alu, kenako n'kuyamba kusupuka. Dzimbiri lapamwamba limachoka ndi sitiluwulu wofewa ndi timafuta pang'ono.

Ikalephera mayeso, musaumirire poti ndi ya makolo. Ipelekeni kupolisi. Nguluwe zikadya mbatatesi tidzabzalanso mvula ikagwa, koma diso silimera kawiri.

Inu a ku Bembeke, a ku Linthipe ndi a m'mphepete mwa Chongoni, zoterezi mumazisamala bwanji kwanuko? Tiuzane m'munsimu.